Galimoto Yonyamula Munthu Mmodzi

Kumapeto kwa kamsewu kena kafumbi kunali nyumba ya mtendere. Bambo a m'nyumbamo anagwira ntchito yoyendetsa malole kwa zaka zambiri, mpaka matenda a shuga anawalanda maso. Mayi ankasoka zovala pakhonde. Ana aakulu anali atachoka, wamkazi kubanja, wamwamuna kuntchito kutali, ndipo pakhomo panatsala wotsiriza kubadwa, amene aliyense ankangomuitana kuti Mzime. Anali mnyamata wamtali, wamanyazi, wosavuta kutuma. Sukulu anamaliza koma ntchito inkamuzemba. Chimene anali nacho ndi laisensi, chifukwa bambo anamuphunzitsa chiwongolero maso awo asanazime. Madzulo aliwonse atatuwo ankagwada pabalaza, ndipo bambo sankatseka pemphero osathokoza Mulungu chifukwa cha mwana amene anasanduka maso awo.

Pabwalo pankagona galimoto yaing'ono yobiriwira, yakale kuposa Mzime mwini wakeyo. Utoto unali utasuluka padenga, ndipo chitseko chakumbuyo chinkafuna bondo kuti chitsekeke. Komabe galimoto imeneyi ndiyo inali miyendo ya banja lonse. Inkatengera bambo kuchipatala kukayezetsa shuga ndi kukatenga mankhwala, inkawapititsa kutchalitchi, ndipo masiku ena Mzime ankanyamulira anthu timakatundu n'kupezako ya sopo.

M'mawa uliwonse bambo ankatuluka ndi ndodo yawo n'kuizungulira. Pa tayala lililonse ankanjuta, n'kulisisita ngati akupereka moni kwa mdzukulu. Zala zawo zinkayenda pa manambala otukuka a m'mbali mwa tayala, milomo ikugwedera.

"Tabwera kuno, Mzime. Ika chala apa. Ukuwerenga chiyani?"

"Saizi 13, bambo. Munandiuza kale."

"Ndikuuzanso, makutu satha. Nambala yoyambayi ikunena kutambalala kwa tayala, yachiwiriyi msinkhu wake, yomalizayi ndi ya rimu, chitsulo chimene tayala limavalamo. Tsopano lowetsa dzanja pakati pa tayala ndi madigadi, chitsulo cha pamwambachi. Lalowa lonse, eti?"

"Lalowa, bambo."

"Mpata umenewo si wako. Ndi wa anthu okhala kumbuyo. Akakhala, galimoto imatsika, mpatawo n'kuchepa. Ukaika tayala lalikulu wadya mpatawo, ndipo ukadya mpatawo wadya malo a anthu. Galimoto yokalamba ili ngati ine, nsapato za achinyamata sindingayende nazo."

Chaka chimenecho mlongo wake wa Mzime anatumiza thandizo, bambo n'kugula matayala atsopano a miyendo yonse, a saizi yake yeniyeni. Tsiku limene anaikidwa, bambo anawanunkhiza n'kuseka. "Awa ndiye adzandiperekeza mpaka kumanda."

"Musamalankhule zamalodza m'mawa uno, bambo inu," anatero mayi, singano ili pakamwa.

Koma nyumba ya mtendere imathanso kukhala nyumba ya zii. Anzake a Mzime a kusukulu anali atabalalika. Tsiku lonse chimene ankamva ndi kulira kwa makina osokera ndi kawailesi ka bambo. Akawatengera bambo kuchipatala ankakhala yekha m'galimoto, akuyang'ana anthu odutsa awiriawiri. Foni yake inkatha tsiku osalira, ndipo ikalira anali mayi kumukumbutsa kugula ulusi. Sankadandaula. Koma mumtima munali dzenje, ndipo dzenje lotere mdierekezi amaliona asanalione mwini wake.

Kuseri kwa msika kunali malo otsukira magalimoto. Kumeneko kunkasonkhana anyamata ovala bwino, nyimbo zikugunda, magalimoto awo atagona pansi pa matayala otambalala ndi marimu onyezimira. Tsiku lina Mzime anapita kukatsukitsa galimoto ya bambo, ngakhale kuti pakhomo panali madzi ndi chidebe. Ankangofuna kukhala pafupi ndi kuseka kwa anthu a msinkhu wake.

Atangoima, wina anakuwa. "Tapatukani, agogo afika!"

Onse anafa nacho chiseko. Mzime akuganiza zobwerera, munthu wina wamfupi wa tcheni m'khosi anamugwira paphewa. Ameneyu ankagulitsa matayala ndi marimu ogwiritsidwa kale ntchito m'kashedi ka malata pambali pake, ndipo ankamutcha Shasha.

"Asiye amenewo, aise, alibe maso," anatero Shasha akuzungulira galimoto ija. Anaima pa matayala atsopano aja, ndipo anawayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene anayang'anira galimoto yonse. "Galimotoyi si yoipa ayi. Vuto ndi nsapato. Wavala suti, kumapazi mapatapata. Tabwera uone."

M'kashedi muja munali marimu owala ngati siliva, atavala matayala otambalala. Mizere yake inali itayamba kufufutika, koma Shasha anali atawapaka mafuta moti ankachita kunyezimira.

"Saizi 17 imeneyo. Ukavalika awa, amene akukusekawa ayamba kukupatsa moni woimirira."

"Galimoto ndi ya bambo anga," anatero Mzime. "Amati tayala lalikulu limadya mpata."

"Madala akuona?"

"Ayi, saona."

Shasha anatambasula manja. "Nanga vuto lili pati? Tingosinthana, aise, iwe undisiyire akowa, ine ndikupatse awa. Sindikufuna kanthu pamwamba. Ndakukonda chabe."

Mawu omalizawa ndi amene anamugwetsa Mzime. Panali patapita nthawi yaitali munthu wosakhala mayi ake asanamuuze zotero. Sanavomere tsiku lomwelo. Anabweranso mawa lake, Shasha n'kumugulira botolo la mowa, loyamba m'moyo wake. Linali lowawa, koma anthu ankamuitana kuti aise, ndipo analimaliza. Tsiku lotsatira galimoto ya bambo inali pa jeke.

Manati akale anakana kulowa m'mabowo opapatiza a marimu atsopano. Shasha anatulutsa ake ang'onoang'ono, n'kuwamanga ndi kasipanala kake kapadera, kenako anakabwezera m'thumba.

"Nanga ndikaphulitsa tayala ndimasula ndi chiyani?" anafunsa Mzime.

"Kameneka ndi kamodzi, ka pantchito pano. Ukaphulitsa ungondiimbira, ndifika pompopompo. Ndife abale tsopano."

Galimoto itatsika pa jeke, Mzime analowetsa dzanja pakati pa tayala ndi madigadi, monga mwa chizolowezi. Munangolowa nsonga za zala.

"Ndiye sitayilo yake imeneyo," anatero Shasha, akugubuduzira matayala a bambo kuseri kwa kashedi. Anyamata aja anaomba m'manja n'kuimba malikhweru, ndipo Mzime anaiwala za mpata uja.

Bambo sankaona, koma mayi ankaona. Galimoto itangolowa pabwalo, makina osokera anaima.

"Mzime, n'chiyani chimenechi? Matayala a bambo ako ali kuti?"

"Ndawasungitsa kwa mnzanga, amayi, kuti asathe msanga. Awa ndangobwereka."

"Wayamba liti kukhala ndi mnzako wosungitsa katundu wa bambo ako? Tandiyandikira." Mayi anamununkhiza, nkhope yawo n'kugwa. "Mwana wanga, wamwa?"

"Chonde musawauze bambo. Shuga wawo akwera."

Mayi anayang'ana kuchitseko, kumene kawailesi kankalira. Ankadziwa mmene mkwiyo unkawagwetsera amuna awo. Anatsitsa mawu. "Pofika Lamulungu matayala aja akhale atabwerera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo kubera munthu wosaona, Mzime, si kuba wamba. Iyeyo sakuona, koma kumwamba kuli maso."

Mzime analonjeza. Koma m'mawa mwake anadzuka bambo asanadzuke n'kuchoka ndi galimoto, kuopa dzanja lija losisita matayala. Anachitanso chimodzimodzi mawa lake, n'kusanduka chizolowezi. Madzulo ankaiimika mothina ndi mpanda, mbali inayo n'kuunjikako malata akale. Ankauza bambo kuti wapeza kasitomala wam'mamawa.

Chimwemwe chake sichinachedwe kuzilala. Tsiku lina anyamata a kotsukira magalimoto anati awapatseko ulendo wa agogo ovala nsapato zatsopano. Anadzazana kumbuyo akuseka. Galimoto inatsika. Pa bampu yoyamba kunamveka khwee! ndipo fungo la labala wopserera linalowa m'kati. Pokhota, phokoso linakula ngati munthu akucheka nkhuni.

"Imika, imika, utipha!" anakuwa wina. Anatsika onse akugwira nthiti ndi chiseko. "Galimoto yako, aise, ndi ya munthu mmodzi. Yenda wekha."

Ndipo anayendadi yekha. Akakhala yekha m'galimoto, matayala sankakhuza, moti ankazungulira m'misewu pang'onopang'ono, galasi lotsitsa, kudikira kuti wina amuone. Ena ankayang'anadi marimuwo, koma palibe ankayang'ana woyendetsa. Katundu wa anthu anasiya kunyamula, chifukwa thumba limodzi lolemera m'buti linkayambitsa phokoso lija. Ya sopo inatha. Koma kotsukira magalimoto munthu ankakhala aise pokhapokha akaika mabotolo patebulo.

Anayamba ndi kugulitsa pampu ya bambo yopopera matayala. Kenako bokosi la zida limene bambo analisunga kuchokera masiku a malole. Kenako nsalu ya kasitomala wa mayi inasowa pa shelefu, mayi n'kukagwada kwa mwini wake kupepesa chinthu chimene sanachite. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma Mzime sanalinso wokondwa n'komwe. Ankamwa pakati pa anthu, ali yekhayekha kuposa mmene ankakhalira pabwalo la chipatala.

Lamulungu linafika n'kudutsa. Ananena kuti mabuleki avuta, makolo ake n'kupita kutchalitchi wapansi, mayi atagwira bambo pamkono, dzuwa likuswa mtengo. Tsiku la kuchipatala linafika, iye n'kunena kuti makaniko sanapeze chitsulo chofunikira. Chipatala chinali kutsidya lina la tauni, ndipo kukwera minibasi ndi munthu wosaona, wofooka miyendo, sinali nkhani yamasewera. Bambo anati adikira sabata yamawa. Sabata yamawa inabwera ndi bodza lina. Mapiritsi m'kabotolo anayamba kulira ochepa akagwedezedwa, ndipo bambo anayamba kuwadula pakati osauza munthu.

"Ukudziwa zimene amachita bambo ako m'mawa?" mayi anamufunsa tsiku lina, misozi ili m'maso. "Amatulukabe ndi ndodo yawo. Amazungulira pamalo pamene galimoto imagona, pali mbee, n'kubwerera kukakhala. Ine ndatopa kukubisira, Mzime. Lero ndiwauza."

Sipanafunike kuwauza. Madzulo amenewo Mzime atazimitsa injini, anapeza bambo atakhala pakhonde, ndodo ili pakati pa miyendo.

"Galimoto yasintha mayendedwe," anatero bambo mofatsa. "Ikuponda molemera. Ndipo yodwala mabuleki siima mwaulemu chonchi."

"Ndi msewu, bambo. Waonongeka."

"Maso anandilanda, makutu anandisiyira. Ndigwire dzanja, ndikaipatse moni."

"Yadzaza matope, bambo. Mudetsa zovala."

"Matope a chilimwe chino?"

Mayi anayang'ana pansi.

"Mwana wanga," anapitiriza bambo, "ndinakuphunzitsa chiwongolero kuti udzakhale maso anga. Munthu maso ake akayamba kumunamiza, watsala ndi chiyani? Sindikukakamiza. Ngati pali chimene wachita, nena lero, tikonze tonse. Chilonda chobisa chimanunkha."

Mzime anatsala pang'ono kuulula. Ankafuna kugwada pamapazi pawo. Koma manyazi anamugwira lilime, ndipo anadziuza kuti ndi bwino akabweze matayalawo kaye, kuti podzaulula pakhale palibenso cholakwika.

"Palibe, bambo," anatero.

Bambo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Chabwino. Tiyeni tikapemphere." Tsiku limenelo anathokozabe Mulungu chifukwa cha mwana amene anasanduka maso awo, ndipo Mzime sanathe kunena ameni.

Kutacha anathamangira kwa Shasha.

"Ndabwera kudzatenga matayala a bambo. Tengani anuwa."

Shasha anaseka mpaka tcheni chinagwedera. "Matayala atsopano amagona pa shelefu, aise? Anapita tsiku lomwe lija, dzuwa lisanalowe."

"Koma munati ndife abale."

"Ubale ndi ubale, malonda ndi malonda. Ndinakukakamiza? Ndiponso taona mmene wawadyera anga m'mbalimu. Amenewa sindingawalandire, ndi zinyalala."

Mzime anawerama n'kuyang'ana. M'mbali mwa matayala akumbuyo munali mzere wozungulira, wokumbika ndi chitsulo cha madigadi, ndipo pena pake timaulusi toyera tinkaonekera. Anatembenukira kwa anyamata aja. Palibe anamuyang'ana. Analibe botolo m'manja, choncho analibenso dzina. Anaiwala ngakhale kupempha kasipanala kaja. Anayendetsa galimoto mpaka pansi pa mtengo wina kunja kwa tauni, n'kukhala mmenemo tsiku lonse, mutu uli pa chiwongolero, akukonza mawu okauza bambo mawa.

Mawa limenelo linali Lamulungu, ndipo silinamudikire. Masana, anthu atabwerako kutchalitchi, bambo anadandaula ludzu ndi chizungulire. Anapempha madzi, n'kupemphanso ena. Kenako mayi anakuwa kuchokera kuchipinda.

"Mzime! Bambo ako agwa!"

Aneba awo, bambo wina wonenepa wokonza mawotchi, anathamanga atamva kukuwa. Ananyamula bambo n'kuwagoneka pampando wakumbuyo, mayi atawagwira mutu, aneba atawagwira miyendo. Mzime anaona galimoto ikutsika mpaka madigadi kukhala pa tayala. Anadziwa. Koma pamzere wonse wa nyumba zija panalibe galimoto ina.

"Ukudikiranso chiyani? Liza!" anatero aneba.

Phokoso linayamba asanatuluke n'komwe m'kamsewu kawo. Khwee, khwee, khwee. Fungo la labala linadzaza m'kati. Mzime anasankha njira yachidule yodutsa kuseri kwa mafakitale, imene Lamulungu sikudutsa munthu. Ankayendetsa akupemphera, pemphero loyamba lochokera mumtima kwa masabata ambiri. Mayi ankaitana bambo mobwerezabwereza kuti asagone.

Pakati pa njira, pamene panali mipanda yaitali mbali zonse, tayala lakumbuyo linaphulika ngati mfuti. Galimoto inapepeluka n'kukaima m'mbali mwa ngalande.

"Sipeya ilipo?" anafunsa aneba.

"Ilipo!"

Inalipodi, tayala lakale la bambo lapadera, lopopa bwino, la saizi yake yeniyeni. Jeke analipo. Sipanala yomasulira matayala inalipo, chifukwa zimenezi zinkakhala pansi pa buti pamene dzanja lake lakuba silinafike. Anatsitsa bambo n'kuwagoneka pa nsalu ya mayi mumthunzi wa galimoto, mbali imene tayala linali lamoyo. Mzime anagwada ndi sipanala.

Sinalowe. Mutu wake unali waukulu, mabowo a rimu opapatiza, ndipo manati a Shasha anali atabisala m'kati mwenimweni. Anaitembenuza, anaikankha, anaimenya ndi mwala mpaka khungu la zala linasupuka. Sipanala ya bambo sinkawadziwa manati amenewo.

Anaimbira Shasha foni. Inalira mpaka kuduka. Anaimbanso. Ulendo uno Shasha anayankha, nyimbo zikugunda kumbuyo kwake.

"Ndaphulitsa! Bambo akudwala kwambiri, bwerani ndi kasipanala kaja, chonde!"

"Ndani? Aa, wa agogo uja. Ndili kutali, aise. Lero n'Lamulungu." Foni inaduka.

Aneba anamuyang'ana Mzime kamodzi, n'kuyamba kuthamanga ndi thupi lawo lolemera kulowera kumsewu waukulu kukaimitsa galimoto ina. Kunali kutali.

Panatsala atatu, ngati pa mapemphero a madzulo. Msewu unali zii. Mayi ananyowetsa milomo ya bambo ndi madzi a m'botolo, ndipo patapita kanthawi bambo anatsitsimuka pang'ono. Dzanja lawo linayamba kufufuza pansi, monga amachitira munthu wosaona akadzuka pamalo achilendo. Linakhudza fumbi, linakhudza mwala, kenako linakhudza tayala.

Mzime ankafuna kulichotsa dzanjalo, koma analisiya.

Chikhatho chija chinasisita tayala lotentha. Zala zinapeza manambala n'kuyenda pa iwo imodziimodzi, milomo ikugwedera. Zinapeza mzere wokumbika uja. Kenako dzanja linakwera kufuna mpata wa pakati pa tayala ndi madigadi. Linayesa kulowa. Linakanika.

"Mzime."

"Ndili pano, bambo." Anagwada pambali pawo, akulira ngati mwana wakhanda. "Ndine ndinachita. Ndinasinthanitsa matayala anu. Pampu, zida, nsalu ya amayi, ndine. Mabuleki sanavutepo. Ndikhululukireni, bambo."

Bambo anapuma movutikira. Mawu awo anali aang'ono, opanda mkwiyo, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa.

"Mwana wanga, malo athu unawapatsa ndani?"

Dzanja la bambo linachoka pa tayala n'kufufuza mpaka linapeza nkhope yake, n'kuisisita monga linkasisitira matayala m'mawa. Kenako linatsika pang'onopang'ono.

Aneba anabwera ndi lole ya mchenga dzuwa litapendeka. Anawakweza bambo pamwamba pa mchengawo. Pofika pachipata cha chipatala anali atasiya kupuma. Namwino amene anawalandira anafunsa chifukwa chake anasiya kubwera kudzatenga mankhwala, ndiponso chifukwa chake anachedwa chonchi lero. Mafunso onse awiri anali ndi yankho limodzi, ndipo yankholo linaima pakona, zala zikuchucha magazi.

Pamaliro palibe anamukalipira. Achimwene ake anamva nkhani yonse kwa aneba, n'kungomudutsa ngati mtengo. Mlongo wake, amene thandizo lake linagula matayala aja, anamuyang'ana n'kutembenuka. Anyamata a kotsukira magalimoto sanabwere ngakhale mmodzi. Anthu atabalalika, mayi anamuitana pakhonde, pafupi ndi makina awo ovundikira.

"Ine ndinaona ndi maso anga, n'kukhala chete," anatero. "Ndimati ndikuteteza bambo ako, koma ndimateteza bodza lako. Iwe unaba, ine ndinakugwirira thumba. Ndakukhululukira, Mzime, chifukwa nanenso ndikufuna kukhululukidwa. Koma kuyang'ana galimoto iyo tsiku ndi tsiku sindingathe. Ndikupita kwa mlongo wako."

Makina osokera anapita nawo. Kawailesi ka bambo kanatsala, koma Mzime sankakayatsa. Nyumba imene kale ankaiona ngati ya zii, tsopano anadziwa kuti inali yodzaza.

Mowa anausiya. Anapita kwa mwini nsalu ija kukaulula kuti wakuba anali iye, osati kusasamala kwa mayi ake. Anaima pamaso pa mpingo n'kunena zonse. Anapeza ganyu yotsitsa katundu kumsika, ndipo pang'onopang'ono anagula marimu akale ndi matayala a saizi 13, limodzilimodzi. Makaniko wina anachita kudula manati a Shasha ndi moto. Marimu onyezimira aja Mzime anakawataya kudzala, kuti asakapusitsenso mwana wa munthu wina.

Inu achinyamata amene mukuwerenga nkhaniyi, imvani bwino. Tchimo silibwera ndi nyanga. Limabwera likunyezimira, likukuitanani kuti aise, pa tsiku limene mukumva kuti palibe amene akukuonani. Limakuuzani kuti chimene makolo anu anakupatsani n'chaching'ono ndiponso chochititsa manyazi. Musabere makolo anu, musawanamize, ndipo mukalakwa nenani tsiku lomwelo akufunsani, chifukwa mawa limene mukuliyembekezera silinakulonjezeni kuti lifika. Mulungu amakhululukira wolapa, koma sabweza dzulo. Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo nthawi zina amagonera mwini wake atagona m'manda.

Galimoto yobiriwira ija ikuyendabe. M'mawa uliwonse Mzime amatuluka n'kuizungulira. Amanjuta pa tayala lililonse, n'kulowetsa dzanja pakati pa tayala ndi madigadi. Dzanja limalowa lonse. Malo a anthu anabwerera. Kenako amatsegula chitseko chakumbuyo, n'kuyang'ana mpando wopanda munthu, n'kuchitseka ndi bondo.